Tsiku Limene Mvula Inakana Kugwa mu Vidiyo

Inu ana, dzulo ndinamva wina wa inu akufunsa ambuya anu kuti agogo ankagwira ntchito yanji asanayambe kulima. Ndinamvanso yankho lake. Ambuya anu anati, "Ankangokhala n'kumaonera vidiyo." Sindinalankhule pomwepo chifukwa ndinali ndi mbatata yotentha m'kamwa, koma nkhani yotere siingasiyidwe choncho. Munthu akamwalira, anthu amakumbukira zimene mkazi wake ananena. Ndiye ndati ndilembe ndekha, kuti mudziwe kuti agogo anu anali woyesa matepi wamkulu m'dera lonse la Rufunsa. Ndinali wamkulu chifukwa panalibe wina.

Ndiyambe ndi za koleji, poti ndikudziwa kuti mwamva kale mabodza. Ndinapita ku Lusaka kukaphunzira zamagetsi. Sindinathamangitsidwe. Aphunzitsi ndi ine tinangosiyana maganizo pa nkhani ya mayeso. Iwo ankafuna mayankho awo, ine ndinkapereka anga. Titaona kuti palibe wogonja, mmodzi anayenera kuchoka, ndipo popeza iwo anali ndi nyumba pomwepo, ndinachoka ndine. Ndinatsika basi kuno ndi sutikesi, ndi tesita yoyesera magetsi yoyaka kumchira, ndi mawu a Chingerezi okwanira kuopseza nawo munthu wosakonzeka.

Zinali zaka za m'ma 1990. Amalume anga Ba Jailosi, amene kale ankayendetsa lole, anali atamanga chisakasa cha bango ndi masaka pafupi ndi pamene mabasi amaima. Mkati munali tivi, deki, ndi matabwa oika pa njerwa. Kuseri kunali jenereta. Inu amene filimu imakugwerani m'foni kuchokera mumlengalenga simungadziwe tepi. Tepi inali bokosi lakuda, kukula ngati buku la nyimbo za kutchalitchi, mkati muli lamba wopyapyala wokulungidwa pa timagudumu tiwiri. Deki inali makina omeza bokosilo. Ikakondwa inkaonetsa filimu. Ikakwiya inkatafuna lamba uja, ndipo tinkamusolola ndi foloko n'kumulumikiza ndi utoto wa zikhadabo.

Ba Jailosi anali atatopa kunyengedwa ndi ogulitsa matepi a m'tauni. Tepi ina inabwera ndi zithunzi popanda mawu. Ina inalembedwa kuti ndi ya nkhondo, koma mkati munali ukwati wa anthu osadziwika akudula keke. Anthu anaonerabe mpaka kumapeto, akudikira kuti nkhondo iyambe.

"Iwe Kosimasi," anatero amalume, "ku koleji unagwirako mawaya. Kuyambira manje ndiwe uzipita ku tauni. Uziona tepi isanakwere basi. Ikakhala yodwala, isiye komweko."

Ndinalandira udindowo ndi ulemu wonse. Ndinagula ndi tayi, anthu n'kuyamba kunditcha Ba Inspekita.

Mudziwe kuti matepi ali ndi mtundu ngati anthu. Pali mayi, tepi yochokera kufakitale kunja, ya chikuto chosindikizidwa bwino. Mayi ameneyu ife tinkangomumva mbiri. Anthu a m'tauni ankalumikiza madeki awiri n'kukopera mayi pa tepi ina, ndiye pabadwa mwana. Mwana amafanana ndi amake, kungoti nkhope zimafiirira pang'ono. Mwana akakoperedwa pamabadwa mdzukulu. Mdzukulu, monga mukudziwa, amakhala ndi phokoso lambiri, koma ukamuyang'ana nkhope sudziwa kuti watengera ndani. Kuno kunkafika adzukulu a adzukulu. Azungu onse a m'matepi athu anali obiriwira ngati chibwabwa, moti mwana wina ataona mzungu weniweni kuchipatala cha mishoni anafunsa amake kuti uyu wadwala chiyani.

Ntchito yanga inali kusankha mdzukulu wathanziko pakati pa odwala. Ndikafika pa kasitolo ka mudala wina wogulitsa matepi mumsika, ndinkayamba ndanunkhiza tepi, chifukwa ya nkhungu imamveka ngati nkhokwe yodontha. Ndinkatsegula kachitseko kake n'kuona ngati lamba ali ndi makwinya. Kenaka tinkaiika mu deki, ine n'kupinda manja kumbuyo ngati dokotala. Ndinkayang'ana ngati mitu ya anthu ikupindikira kumanzere pamwamba pa tivi. Ikapindika pang'ono, ndinkavomera. Ikapindika mpaka munthu kuoneka ngati nzimbe pamphepo, ndinkakana. Mawu nawo anali ndi matenda awo. Ena ankalira ngati muli udzudzu mkati. Ena ankachedwa: munthu ankagwa, kudzuka, kusasa fumbi, ndiye chibakera chimene chamugwetsa n'kumveka. Tepi yotere ndinkailandira ngati chibakeracho chafika munthuyo asanatuluke m'chipinda.

Pobwerera ndinkakulunga matepi m'chitenje n'kuwafungatira pachifuwa, chifukwa pansi pa mpando pamatentha ndi injini ndipo tepi ikatenthedwa imapindika ngati nsomba youma. Mabasi a nthawi imeneyo sanali ngati anu othamanga opanda moni. Ankaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale akungokanda mutu. Unkafika kuno utadya masuku, utamwa munkoyo, utadziwa matenda a anthu onse a m'basimo.

Koma panali chinthu chimodzi chimene maphunziro anga sanachifikire. Chinali mvula.

Pafupifupi filimu iliyonse inali ndi malo ake pamene chithunzi chinkasweka n'kukhala timadontho toyera, mizere ikukwera m'mwamba, mawu n'kusanduka waaa, ngati mvula pa malata. Batani lowongolera chithunzi silinkathandiza. Kupukuta mutu wa deki ndi kachasu sikunkathandiza, ngakhale amalume ankalimbikira mankhwala amenewo, theka kwa wodwala, theka kwa sing'anga. Pakapita kanthawi kunkacha, ndipo mu filimumo kunkakhala kuli m'mawa, mayi akuthira tiyi. Anthu anazolowera. Ankati mvula yabwera, n'kutuluka kukataya madzi kapena kukagula vitumbuwa. Amayi ogulitsa vitumbuwa ankadziwa nthawi ya mvula ya filimu iliyonse, ndipo ankaika mafuta pamoto isanagwe. Chaka cha chilala chija tinkadya ufa wachikasu, anthu ankati mvula yatsala mu vidiyo ya Ba Jailosi mokha.

Akandifunsa monga katswiri, ndinkafotokoza kuti kutentha kwa kuchigwa kumafooketsa lamba pakatikati. Madalaivala a malole ankaseka ndikamatero, koma ndinkawakhululukira poti sanapite ku koleji. Ndinaonadi kuti mvulayo inkakonda kuyamba mwamuna ndi mkazi akangotseka chitseko. Ndinalingalira nkhaniyo mozama, ndipo ndinapeza kuti mvula ya kunja ndi yaulemu, imadikira anthu alowe m'nyumba, osati yathu ino yokupeza uli kumunda.

Ambuya anu ndinakumana nawo m'basi. Nthawi imeneyo anali Felista chabe, wopanda ndodo, wopanda magalasi, koma pakamwa pali pomwepa. Anakwera pa Chongwe akubwerera kwawo cha ku Mpanshya, nakhala pambali panga. Anayang'ana mtolo wa chitenje umene ndinaufungatira, nandiona ndikuutchinga dzuwa ndi chipewa. Anapirira mpaka titadutsa pa Chinyunyu.

"Ba bambo, mwana wanuyo chikwerere ine sanalirepo. Ali moyo?"

"Si mwana. Ndi matepi. Ndine woyesa zithunzi ndi mawu."

"Oo. Nanga amake ali kuti?"

"Ali kunja kwa dziko," ndinayankha zoona zokhazokha.

Anaseka mpaka nkhuku imene inali pa miyendo pake inadzuka. Ine sindinaone choseketsa, koma ndinaona kuti ndikufuna kumva kuseka kumeneko kawirikawiri. Miyezi itapita, ndinatuma ankhoswe kwa makolo ake. Ankhoswe anga anali Ba Langisoni, mnzawo wa malemu bambo anga, wokonza njinga pamsika, munthu amene sankayenda popanda pampu ya njinga m'khwapa.

Anabwerako madzulo, nakhala pa benchi, napukuta thukuta.

"Ba Pasikale, atate ake a mtsikana, afunsa kuti mnyamatayo amagwira ntchito yanji. Ndati amayesa zithunzi. Ati amaziyesa ndi chiyani, sikelo? Ndati amaziona ngati zikuoneka bwino. Ati nanga tonsefe sitili ndi maso?"

Inu ana, kuno mkamwini ankayamba waonetsa manja ake. Ankalima munda wa apongozi, kuzula zitsa, kumanga nkhokwe, ndiye anthu n'kuona ngati mwana wawo adzadya. Ine ndinatumiza mawu akuti manja anga ndi maso ndi makutu. Ba Pasikale anabweza mawu akuti chabwino, adzabwera Lamlungu lina ikatha misa kudzaiona ntchitoyo, iwo, amake Felista, ndi akuluakulu angapo a mpingo. Ikakhala ntchito, tidzakambirana za ukwati. Ikakhala masewera, mnyamatayo akafune mkazi mu tivi momwemo.

Ndinagona osagona. Filimu ya karate sikanatheka, akanati ndine wandewu. Ya nkhondo, akanati ndidzawotcha mudzi. Ndiye ndinakumbukira filimu imene tinkaitcha ya mlendo wa chipewa. Mlendo amafika pa famu ya mayi wamasiye, amapempha madzi, kenaka amayamba kugwira ntchito osatumidwa. Amakonza mpanda, amakumba chitsime, amathamangitsa akuba ng'ombe. Munthu waulemu, wosalankhula kwambiri. Pakati pa filimu amalowa m'nyumba ndi mayi uja, mvula imagwa, kukacha chitsime chadzaza. Ngakhale amayi a mpingo ankaikonda. Ndinati imeneyi ndiyo ya apongozi: aone mlendo wolimbikira, aganize za ine.

Vuto linali lakuti tepi yathu ya filimuyo inali itakalamba, mlendoyo akuoneka ngati mzukwa m'chifunga. Ndinakwera basi. Ndinamufotokozera mudala wa kasitolo uja kuti ukwati wanga uli m'manja mwake. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anagwada n'kusolola bokosi pansi pa tebulo.

"Iyi ni mayi weniweni, mudala. Ona pulasitiki. Sinalowepo mu deki ya munthu. Nikubwereka chabe chifukwa uli na tayi."

Anang'amba pulasitiki ndi chikhadabo, naika tepiyo mu deki. Inu ana, ndinagwira tebulo. Ndinaona thukuta pamphuno pa mlendo uja. Ndinaona ntchentche pa khutu la hatchi. Kwa nthawi yoyamba ndinadziwa kuti chipewa chija chinali chakuda, ndi kuti kuseri kwa nyumba kunali mapiri. Zaka zonsezo tinkayesa ndi utsi. Fosholo ikamenya nthaka, inkamveka nthawi yomweyo, osachedwa, osafulumira. Ndinamva mbalame imene sindinadziwe kuti imakhala mu filimu imeneyo.

"Zimitsani!" ndinakuwa.

Pajatu tepi imakalamba pang'ono nthawi iliyonse ikadutsa mu deki. Lamulo limeneli ndinkalidziwa bwino, ndipo ndinalumbira kuti maso oyamba kuona mayiyu mpaka kumapeto adzakhala a apongozi anga. Loweruka amalume anati tiyambe taionera tokha. Ndinakana.

"Amalume, filimu iyi timaidziwa ngati njira ya kuchimbudzi. Tikayesenso chiyani?"

M'malo mwake ndinathera tsikulo kukonza mawu. Ndinabwereka sipika yaikulu kwa anthu a mpingo wa pente, ndinaimangirira pa mtanda wa denga, kuti ngakhale wogontha amve mbalame ija.

Lamlungu masana apongozi ndi gulu lawo anafika pa njinga, atavala za kutchalitchi. Tinali titasesa, titawaza madzi, titatseka mipata ya bango ndi masaka kuti dzuwa lisalowe. Alendo tinawakhazika kutsogolo pa mipando yobwereka: Ba Pasikale, amake Felista, Felista, Ba Langisoni ndi akuluakulu aja. Deki inali pa tebulo, pafupi ndi mawondo a amake Felista. Kumbuyo kunadzaza anthu athu a masiku onse, amene anamva kuti kwabwera mayi.

Tsopano mumvetse mwambo, poti masiku ano mkamwini amatumizirana ndi apongozi ake tinkhope toseka pa foni. Nthawi imeneyo mkamwini sankayandikira apongozi aakazi. Sunkadutsa patsogolo pawo, sunkawayang'ana kumaso, sunkalankhula nawo popanda munthu wapakati. Ukawaona akubwera m'njira unkalowa m'tchire, ngakhale muli chitedze. Choncho ine ndinaima panja, kuseri kwa bango, ndikusuzumira pa kampata, tayi ili pakhosi. Oyendetsa deki anali amalume.

Chiyambi chinayenda ngati loto. Ba Pasikale anawerama kutsogolo.

"Uyu amadziwa kukumba," anatero. "Koma mpini watalika."

"Onani ng'ombe kunenepa," anatero amake Felista.

Kumbuyo kokha ndiko kunali kung'ung'udza. Wina ankati uyu si mlendo wathu, wathu uja anali wobiriwira. Wina ankati ndi mng'ono wake. Ine ndinkangomwetulira pa kampata kanga, ndikuganiza za mtundu wa suti.

Kenaka mlendo ndi mayi wamasiye analowa m'nyumba. Chitseko chinatsekeka. Anthu athu anayamba kuimirira mwa chizolowezi. Amalume, amene ankakonda vitumbuwa vya poto woyamba, anatuluka kutsogolo kwa onse. Wina anawerama n'kuuza alendo mwaulemu kuti apa pamagwa mvula, angathe kukawongola miyendo.

"Iyayi," anatero Ba Pasikale. "Tiione mvulayo. Kwathu yasowa."

Ndinayang'ana m'munsi mwa tivi, mmene timadontho tinkayambira. Munali mbee. Ndinatchera khutu kudikira waaa uja. Kunali zii, kupatula nkhuni zikuthetheka pamoto wa mu filimu. Mlendo anavula chipewa. Ndinati eya, m'nyumba munthu amavula chipewa. Anavula nsapato. Ndinati ndi ukhondo. Mayi uja anamasula tsitsi, nayandikira, ndipo anayamba kupsompsonana ngati anthu amene auzidwa kuti mawa dziko litha. Malaya anagwa pansi. Zotsatira sindilemba, poti ena mwa inu mukadali ku pulaimale. Ndingonena monga katswiri kuti chithunzicho chinali chabwino kwambiri. Panalibe mzere ngakhale umodzi.

Mutu wanga unaima. Ndinkangodzifunsa kuti nanga mvula ili kuti? Atibera mvula? Kapena mudala uja wandipatsa filimu ina ya anthu ofanana nkhope? Amene anali akutuluka anaima pakhomo, makosi atapotoka. Amene anali panja anamva kuti mkati mwachitika zachilendo, anabwerera akuthamanga ndi vitumbuwa m'manja. Khomo linatsekeka ndi anthu. Amalume anali kumbuyo kwa onsewo akukuwa, "Nipiteko! Nipiteko imwe!" koma palibe amene anasuntha.

Ndikanatha kung'amba saka n'kulowa. Batani lozimitsa ndinkaliona ndi maso anga. Koma linali pafupi ndi mawondo a apongozi. Kuti ndilifikire ndinayenera kudutsa patsogolo pawo, kuwerama pamaso pawo, pa nthawi ngati imeneyo. Miyendo inakana. Inati ife tinaleredwa.

Ndinathamangira ku jenereta. Swichi yake inathyoka kalekale, ndipo tinkaizimitsa potseka kampopi ka petulo, iyo n'kumalizabe zimene zatsala kukhosi. Ndinatseka. Jenereta imeneyi inkazima yokha tsiku lililonse ndewu ikafika pokoma. Tsiku limenelo inalira mosalala ngati yatsopano.

Mkatimo Ba Langisoni anavula jekete n'kuphimba tivi. Anachita bwino, koma anathetsa theka la vuto. Mawu anatsala. Sipika ya a pente ija, imene ndinaimangirira ndi manja anga, inatulutsa mpweya uliwonse, kulira kulikonse kwa bedi, mpaka anthu odikira basi kumsewu anatembenuka. Mayi wina wa mpingo anayambitsa nyimbo kuti aphimbe, koma anaiyamba pamwamba kwambiri moti palibe amene anaifikira, ndipo anaimba yekha mzere umodzi n'kusiya.

Pomaliza jenereta inatsokomola n'kufa. Nditayang'ana pansi ndinaona kuti waya wopita ku chisakasa unali pansi pa nsapato yanga nthawi yonseyo. Kungouzula kukanathetsa zonse. Mutu umenewo ku koleji tinali tisanafikepo.

Alendo anatuluka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana chinthu chake: wina denga, wina zala. Palibe amene anatsanzika. Felista anatuluka kumbuyo kwa amake, nkhope pansi, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero sindidziwa ngati ankalira kapena ankaseka. Ndikamufunsa amati linali fumbi.

Dalaivala wina wa lole, amene anaonera zonse akudya chitumbuwa, anandigwira phewa.

"Ba Inspekita, mvula ija si kutentha kwa kuchigwa. Ni anyamata a mu tauni. Pamene paja amabwezapo kuti aonenso, kubwezapo, kubwezapo, mpaka lamba kutha. Manje akakopera, mwana abadwa na chipsera cha amake."

Ndinakhala pansi pa fumbi. Ndiye kuti zaka zonsezo, ulemu wa vidiyo yathu unkasungidwa ndi anyamata opanda ulemu a ku Lusaka. Ndipo ine, munthu yekhayo amene ndinafunira apongozi zabwino, ndi amene ndinauchotsa. Ndimati ndikaiganiza nkhaniyi kuchokera kutsogolo, ndine wolakwa. Ndikaiganiza kuchokera kumbuyo, ndinagwira ntchito yanga bwino kuposa tsiku lina lililonse. Sindinapezebe pakati pake.

Masiku anapita opanda mawu. Ndinavula tayi. Ndinayamba kufunsa madalaivala ngati ku Chipata kukufunika munthu wodziwako mawaya. Kenaka m'mawa wina Ba Langisoni anafika ndi pampu yawo m'khwapa.

"Samba. Atiitana."

Tinawapeza Ba Pasikale atakhala pa kampando pansi pa mtengo wa mango, pamodzi ndi akuluakulu aja. Amake Felista anali kuseri kwa nkhokwe, atatipatsa msana, akusenda nshawa, mtedza uja. Sindinkawaona, ndinkangomva thwa, thwa, thwa. Ine ndinanjuta patali, pambali pa ankhoswe anga. Atatha malonje, Ba Pasikale analankhula akuyang'ana mango.

"Ba Langisoni, muuzeni mnyamata wanu kuti tinapalasa njinga mtunda wonse uja kudzaona ntchito yake. Sitinaone kanthu. Poyamba panali munthu akukumba chitsime. Kenaka chifunga chokhachokha. Si choncho, akuluakulu?"

"Chifunga," anavomera akuluakulu.

"Kaya ndi maso athu okalamba, kaya ndi makina. Iye ndiye katswiri. Mufunseni, chithunzi chija chinali bwanji?"

Inu ana, munthu angandinene kuti ndinalephera koleji, ndingapirire. Koma kunena tepi mayi kuti chifunga!

"Ba Langisoni, auzeni kuti inali tepi ya kufakitale. Chithunzi choyera choncho sichinafikepo kuno chiyambire. Munthu ukanatha kuwerenga ngakhale timadontho ta pamsana pa..."

Pampu inanditera pa chala chachikulu cha kuphazi. Kuseri kwa nkhokwe thwa, thwa uja anasiya.

"Akuti sanamve funso," anatero Ba Langisoni.

"Mufunseninso," anatero Ba Pasikale, akuyang'anabe mango.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Akuluakulu onse anali ndi chidwi chachikulu ndi mitambo. Ndinaona Felista ataima pakhomo la khitchini ndi mtsuko, maso ali pa ine, osaphethira. Sindinamvetse chimene chinkachitika. Koma pampu ndinaimvetsa.

"Chinali... chinali ndi timadontho."

"Timadontho chabe?" anafunsa Ba Langisoni, akukweza pampu pang'ono.

"Madontho akuluakulu. Mizere. Chifunga. Palibe chimene chinaoneka."

"Nanga mawu?" anatero Ba Pasikale.

Ndinakumbukira mbalame ija.

"Mawu anali ngati njuchi m'chigubu."

Thwa, thwa, thwa, nshawa zinayambanso.

"Ndi zimene tinaganiza," anatero Ba Pasikale. "Ndiye kuti mnyamatayu ntchito imeneyi saidziwa. Munthu sangaitane akuluakulu kudzaonera chifunga. Muuzeni kuti kumunsi uko kuli munda wa zitsa. Khasu ndi nkhwangwa azipeza m'nkhokwe. Ayambe mvula isanagwe."

Pobwerera ndinakankha njinga mpaka titafika pamsewu waukulu.

"Ndiye kuti andikana?"

Ba Langisoni anaima, nandiyang'ana ngati tayala limene laphulika kachitatu.

"Iwe, munthu amene amukana amamupatsa khasu? Tamvera. Akanaona zija, sakanakupatsa mwana wawo. Mkamwini amene waonetsa apongozi zotere sangakhale nawo mudzi umodzi. Manje poti sanaone, mlandu kulibe. Watsala ni wakuti sudziwa ntchito, ndipo umenewo umachira na khasu."

Mbiri inafika pamsika ine ndisanafike. Anthu onse anamva kuti Ba Inspekita avomera ndi pakamwa pawo, pamaso pa akuluakulu, kuti sadziwa kusiyanitsa chithunzi ndi chifunga. Amalume anabweza mayi uja ku tauni, nabwezeretsa mdzukulu wathu wobiriwira, ndipo amayi a vitumbuwa anapuma bwino. Ine ndinachotsedwa ntchito chifukwa cha tepi yabwino kwambiri imene ndinasankhapo, ndinapatsidwa mkazi chifukwa cha bodza lalikulu kwambiri limene ndinanenapo, ndipo amene anandinenetsa bodzalo anali akuluakulu a mpingo. Mukadzakula, wina wa inu adzandifotokozere.

Zitsa ndinazula. Manja anatupa, anaphulika, anauma. Nkhani ya tsiku lija sinatchulidwenso m'mudzimo, ngakhale pa mowa.

Panapita zaka. Mwana wathu woyamba, amene ena mwa inu mumamutcha amayi, anali atayamba kuyenda. Tsiku lina nthawi yokolola ndinali kumanga nkhokwe, apongozi aakazi atakhala patali akupeta mapira. Ndinaona akuitana Felista n'kumunong'oneza. Felista anabwera, naima pansi pa makwerero, nkhope ili ngati ya munthu wonyamula madzi odzaza.

"Amama akufunsa. Akuti anthu awiri aja, mlendo wa chipewa na mayi uja, anakwatirana?"

Ndinatsala pang'ono kugwa. Filimuyo ndinkaidziwa mpaka kumapeto. Mlendo uja amakwera hatchi yake m'mawa wina n'kupita, osabweranso, mayi uja ataima pa mpanda. Ndinasuzumira kumene kunali apongozi. Lichero linali litaima m'manja. Mayi wokalamba amene sanaone kanthu anali atasunga funso limenelo zaka zonsezo, wopanda womufunsa.

"Kawauze kuti anakwatirana," ndinatero. "Kutchalitchi."

Felista anapita, nagwada, nanena. Lichero linayambanso kupeta. Posakhalitsa anabweranso.

"Akuti anadziwiratu. Akuti zinkaonekeratu pankhope pa mnyamatayo."